Mbiri ya Mauthenga ku Mwami: Kuchokera kwa Amtokoma Kufika pa Foni ya M'manja

M'phunziro lathu la mbiri lero tipita ku Mwami, pa malire a Zambia ndi Malawi, kufupi ndi mzinda wa Chipata, kuti tikaone m'mene uthenga unkayendera kale ndi m'mene ukuyendera tsopano.

Makolo athu akafuna kudziwitsa abale za maliro kapena za mlandu, ankatuma munthu wapansi. Mthengayo ankalawira mbandakucha, uthenga uli m'mutu. Akaiwala mau amodzi, nkhani inkafika yopotoka. N'chifukwa chake mafumu sankatuma munthu wamba, koma yekhayo amene ankamudziwa kuti sawonjezera ndiponso sachotsera.

Zinthu zinayamba kusintha pamene kampani ya British South Africa inagonjetsa Angoni a Mpezeni m'chaka cha 1898. Azunguwo anamanga boma lawo pa malo amene anawatcha Fort Jameson, pamene lero pali Chipata, ndipo mpaka chaka cha 1911 pamenepa panali likulu la North-Eastern Rhodesia. Makalata a boma ankanyamulidwa ndi amtokoma, amuna amphamvu ovala zofiira, amene ankayenda masiku ambiri thumba lili pamutu, nthawi zina m'nkhalango za mikango.

Inabweranso lamya ya telegalafu. Cecil Rhodes ankafuna kukoka waya kuchokera ku Cape mpaka ku Cairo. Wayayo anadzera ku Tete ndi ku Blantyre, nalambalala nyanja kulowera ku Karonga, ndipo nthambi yake inapatukira pa Domira Bay kubwera ku Fort Jameson. Taonani, ana inu, lamya yoyamba ya kuno inachokera kum'mawa, ku Nyasaland, pakuti Lusaka nthawi imeneyo sanali mzinda. Anakhala likulu mu 1935. Telegalafu sinkanyamula mau a munthu. Kalaliki ankagogoda kachitsulo, kugogoda kwakufupi ndi kwakutali, ndipo mnzake kutsogoloko ankamasulira kukhala zilembo. Mtengo unkawerengedwa pa liwu lililonse, motero anthu ankafupikitsa: "Bwerani mai adwala."

Koma kwa munthu wakumudzi chachikulu chinali kalata. Msonkho utavuta, amuna ambiri a kuno anapita kukagwira ntchito ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ena ku migodi ya kopa, ena mpaka ku Joni. Mkazi ankadikira miyezi kuti amve ngati mwamuna wake ali moyo, ndipo amene anasiyiratu kulemba ankatchedwa machona. Kalata ikafika, vuto lina linkabuka: awerenge ndani? Ankaitana mphunzitsi, kapena mwana wa sukulu ya mishoni, monga ya pa Mwami pomwepa pamene a Seventh-day Adventist anatsegula chipatala m'zaka za m'ma 1920. Mwanayo ankakhala pamkeka, akuluakulu atamuzungulira, n'kuwerenga zonse, za ndalama, za ngongole, ngakhale za m'banja zimene mwana sayenera kumva. Atatha, ankalembanso yankho. Mwana wolongolola ankatha kupasula banja la eni ake tsiku limodzi, ndipo wotere sankaitanidwanso.

Wailesi inafalikira m'midzi kuyambira 1949, pamene kunabwera kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, komvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Telefoni, imene Alexander Graham Bell anapanga mu 1876, inakhala ya m'maofesi ndi ya anthu ochepa a m'tauni kwa zaka zambirimbiri. Mu 1994 bungwe la boma loyang'anira makalata ndi lamya linagawidwa pawiri, kukhala Zampost ndi Zamtel.

Foni ya m'manja inalowa m'Zambia m'zaka za m'ma 1990, nifika kumidzi pang'onopang'ono. Maina a makampani anasinthasintha: Telecel inakhala MTN mu 2005, Celtel inakhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Foni imeneyi sifuna waya. Imalankhulana ndi nsanja yachitsulo imene ili pafupi nayo. Tsono pa Mwami pali chodabwitsa. Malire ali ndi chipata ndi asilikali, ndipo mu December 2022 anatsegulapo ofesi imodzi yotumikira maiko onse awiri, koma mafunde a foni sadinditsa pasipoti. Foni ya m'Zambia ingathe kugwira nsanja ya ku Mchinji mwini wake ali m'munda mwake, n'kumalipira ngati mlendo wa kunja. Amene amakhala pa malire ndi bwino aziyang'ana dzina la kampani limene laoneka pa foni asanaimbe, kapena aitchere kuti izigwira kampani ya kwawo yokha. Nambala za m'Zambia zimayamba ndi 260, za ku Malawi ndi 265.

Lero ndalama zimene kale zinkabwera ndi kalata zimalowera pa foni. Ndipo ndani amathandiza agogo kuwerenga uthengawo? Ndi inu nomwe, ana a sukulu, monga mwana uja wa pamkeka. Akuba nawonso akudziwa zimenezi. Amaimba kunena kuti atumiza ndalama molakwitsa, kapena kuti mwapambana mphoto, n'kupempha nambala yachinsinsi. Kampani ya foni sipempha nambala imeneyi. Mukamva zotere, dulani foni, mukauze wamkulu.

Aphunzitsi, phunziro likatha jambulani mapu pa bolodi, ana alondole njira ya waya uja kuchokera ku Tete kudzera ku Blantyre ndi Domira Bay mpaka ku Chipata. Inu ana, madzulo ano mukafunse agogo kuti makalata awo ankawawerengera ndani, ndipo yankho ankalitumiza bwanji. Mawa mukafotokozere anzanu m'kalasi.