Mbiri ya Athandizi a Zamalamulo: Ntchito Idatsogola, Chiphaso Chidadza Pambuyo

M'nkhani yathu ya mbiri lero tikamba za ntchito imene makolo athu sadaidziŵe ndi dzina, koma imene masiku ano imapezeka m'ndende, kupolisi ndi m'mabwalo a milandu. Ntchitoyi ndi ya athandizi a zamalamulo, amene pa Chingerezi amatchedwa ma paralegal. Mau akuti para adachokera ku Chigriki, ndipo amatanthauza pambali. Tsono paralegal ndi munthu woima pambali pa loya. Adaphunzira malamulo mpaka pena pake, amatha kulongosolera munthu za mlandu wake ndi kumkonzera mapepala, koma si loya ai. Tiona m'mene ntchitoyi idabadwira, amene amaphunzitsa anthu ake, ndiponso amene amaŵapatsa chilolezo, pakuti pa mafunso ameneŵa pagona ufulu wa mmphaŵi amene wagwa m'mlandu.

Pa mwambo wathu munthu sapita yekha pa bwalo la mfumu. Amaperekezedwa ndi ankhoswe kapena amalume ake, anthu odziŵa kayendedwe ka mlandu, amene amamuuza poyankhula ndi pokhala chete. Mabwalo a boma amene adadza ndi atsamunda adabwera ndi chiyankhulo chachilendo, mapepala ambirimbiri, ndi lamulo lakuti woyankhulira mnzake azikhala loya wovomerezeka. Koma loya amafuna malipiro, ndipo kaŵirikaŵiri amakhala m'tauni. Motero munthu wamba adatsala yekha pamaso pa lamulo. Vuto limeneli silidali lathu lokha, ndipo dziko limene lidayamba kupatsa ntchitoyi dzina ndi sukulu ndi Amereka.

M'chaka cha 1964, Pulezidenti Lyndon Johnson wa dzikolo adalengeza nkhondo yolimbana ndi umphaŵi, ndipo chaka chotsatira boma lake lidayamba kulipirira maofesi othandiza amphaŵi pa milandu mwaulere. Anthu adakhamukira kumaofesiko, maloya nkuchepa. Pofuna kupepuza katundu, maloyawo adayamba kusiyira alembi ao ntchito zina: kufunsa munthu m'mene nkhani yake idayendera, kufufuza m'mabuku a malamulo, ndi kulemba makalata a kukhoti. Zidaoneka kuti mlembi wophunzitsidwa bwino amazichita mosalakwitsa, pa mtengo wotsika. M'chaka cha 1968 bungwe la maloya a dziko lonselo, American Bar Association, lidavomereza kuti athandizi otere ngofunika, ndipo mu 1973 lidakhazikitsa mfundo zoyesera sukulu zoŵaphunzitsa. Athandiziwo nawo adapanga mabungwe ao. Limodzi mwa iwo, National Association of Legal Assistants, lidabadwa mu 1975, ndipo mu 1976 lidayamba kulembetsa mayeso opereka satifiketi.

Pano pali mfundo yoyenera kuigwiritsa. Satifiketi imeneyo sidali chiphaso cha boma. Munthu ankailemba mwa kufuna kwake, kuti olemba ntchito amkhulupirire. Chimene chinkateteza mwini mlandu nchakuti mthandizi ankagwira ntchito pansi pa loya, ndipo akalakwitsa, woyankha anali loyayo. Mpaka lero ambiri mwa athandizi a ku Amereka amagwira motero, m'makampani a maloya, m'boma, m'mabanki ndi m'makampani a inshuwalansi, ena ataphunzira zaka 2 ku koleji, ena zaka 4. Boma la chigawo cha California ndilo lidaika lamulo mu 2000 lonena maphunziro amene munthu ayenera kukhala nawo asanadzitche paralegal.

Nanga mthandizi akafuna kugwira payekha, popanda loya womuyang'anira? Funso limeneli lidavuta kwambiri m'chigawo cha Ontario m'dziko loyandikana nalo la Canada. Kumeneko anthu osakhala maloya, ena mwa iwo apolisi opuma ntchito, ankaimirira oyendetsa galimoto pa milandu ya pamseu namalandira malipiro, ndipo mu 1987 khoti la apilo la chigawocho lidagamula kuti lamulo silikuŵaletsa kutero. Koma padalibe woŵayesa mayeso, padalibenso kokadandaula munthu akadyeredwa ndalama. Patapita zaka zambiri za mkangano, nyumba ya malamulo ya Ontario idapanga lamulo mu 2006, ndipo kuyambira pa 1 Meyi 2007 bungwe loyang'anira maloya lidayamba kuyang'aniranso athandizi. Wofuna chiphaso amayenera kumaliza maphunziro pa koleji yovomerezeka, kukhoza mayeso, kukhala wa mbiri yabwino, ndi kulipira inshuwalansi yobwezera munthu amene angamlakwire. Akatero amaloledwa kuimirira anthu pa milandu ya ngongole zazing'ono, ya pamseu, ndi ina yopepuka. Akachita zachinyengo amalandidwa chiphasocho.

Komabe chiphaso chikalemera kwambiri chimapha ntchito imene chidafuna kuikonza. Khoti lalikulu la chigawo cha Washington ku Amereka lidatsegula njira yofanana ndi imeneyi mu 2012, pa milandu ya m'banja, koma lidafuna kuti munthu ayambe wagwira maola 3,000 pansi pa loya, kuonjezera pa sukulu ndi mayeso. Pofika mu 2020 opatsidwa chiphaso sadakwane 50, ndipo khotilo lidatseka khomo kwa atsopano, likunena kuti ndalama zoyendetsera zidachuluka pamene anthu adachepa.

Tsopano tiolokere kuno ku Afirika, kumene ntchitoyi idabadwa mwa njira ina. Kuno mthandizi sadayambire mu ofesi ya loya, koma pambali pa munthu wovutikayo. Ku South Africa, bungwe la amai lotchedwa Black Sash, limene lidayamba mu 1955, lidatsegula ofesi ya malangizo mu mzinda wa Cape Town mu 1958. Madoda amene adapitako ku Joni akukumbukira kuŵaŵa kwa malamulo a pasi, amene ankatsekeretsa munthu wakuda chifukwa chopezeka m'tauni wopanda chitupa choyenera. Ogwira ntchito m'maofesi a malangizowo sadali maloya, koma adaŵerenga malamulo a pasi mpaka kuŵadziŵa ngati njira ya kumunda, ndipo ankalembera anthu makalata ndi kuŵaperekeza kwa akuluakulu a boma. Palibe amene adaŵapatsa chiphaso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kwathu kuno ku Malaŵi, malamulo aakulu a dziko a 1994 adalonjeza kuti womangidwa azifikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48, ndiponso kuti ali ndi ufulu wopempha belo. Koma lonjezo la papepala limafuna munthu wolikumbutsa. Maphunziro a uloya, amene adayambira ku Mpemba nasamukira ku Chancellor College ku Zomba mu 1973, ankatulutsa anthu oŵerengeka chabe chaka chilichonse. Kalembera wa 1998 adapeza anthu pafupifupi 10 miliyoni m'dziko muno, pamene maloya adali mazana ochepa, ambiri a iwo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. M'ndende mudadzaza anthu ongoyembekezera kuzengedwa mlandu, ena mafaelo ao atasoŵa, ena osadziŵa nkomwe kuti kuli chinthu chotchedwa belo. Akuluakulu adati mlandu suola, koma munthu woudikira m'chitokosi thupi limatha, munda kumudzi umamera thengo, ana nkuleka sukulu.

M'mwezi wa Meyi 2000, bungwe lakunja la Penal Reform International, mogwirizana ndi mabungwe 4 a m'dziko muno ndi akuluakulu a ndende, lidayambitsa ntchito yotchedwa Paralegal Advisory Service. Lidayamba ndi athandizi 8 okha, m'ndende zikuluzikulu za Zomba, Chichiri, Maula ndi Mzuzu. Iwo adaphunzitsidwa malamulo a milandu ya upandu, kayendedwe ka mlandu kuchokera kupolisi mpaka ku chigamulo, kafunsidwe ka mafunso ndi kasungidwe ka zolemba. Popeza padalibe lamulo loŵazindikira, chimene chidaŵatsekulira zipata za ndende chidali pangano la khalidwe limene adasainirana ndi akuluakulu a ndendewo, lonena zimene angachite ndi zimene sangachite.

Ntchito yao idali yooneka yaing'ono koma yoombola. Ankasonkhanitsa akaidi nkuchita nawo maseŵero, wina kukhala majisitireti, wina wapolisi wozenga mlandu, wina woimbidwa mlandu, kuti munthu akadzaima m'khoti lenileni adzathe kudzipemphera belo ndi pakamwa pake. Ankayenda m'midzi kufunafuna makolo a ana omangidwa, abale otha kuimirira munthu pa belo, ndi mboni. Ankalemba maina a amene akhalitsa popanda kuonekera kukhoti nkuŵapereka kwa amajisitireti, amene adayamba kumabwera m'ndende momwemo kudzaunika milanduyo. Pamene ntchitoyi inkayamba, oposa mmodzi mwa akaidi 3 aliwonse adali ongodikira mlandu. Pofika 2007 adatsika mpaka kuchepera mmodzi mwa 5. M'chaka chomwecho ntchitoyi idasanduka bungwe loima palokha la Amalaŵi, lotchedwa PASI, ndipo maiko monga Benin, Kenya, Uganda ndi Bangladesh adatengera chitsanzo chimenechi.

Mbiri imeneyi ndiyo idakokera msonkhano waukulu ku Lilongwe mu Novembala 2004, kumene kudafika nthumwi za maiko 26, mwa iwo 21 a mu Afirika. Chikalata chimene adagwirizana, chodziŵika ndi dzina la mzinda wathuwo, chidanena kuti maloya okha sangakwanitse kuthandiza onse ogwa m'milandu, choncho maboma avomereze athandizi ophunzitsidwa bwino. Bungwe la United Nations lidatsatira maganizo omweŵa m'mfundo zake za thandizo la pamilandu mu Disembala 2012. Dziko la Sierra Leone lidaika athandizi m'lamulo lake chaka chomwecho. Anansi athu a ku Zambia adakonza maphunziro a magawo 3, oyang'aniridwa ndi bungwe lao la maphunziro a ntchito zamanja ndi zaluso, ndipo lamulo lao la 2021 lidafuna kuti athandizi azilembetsa ku bungwe la boma la thandizo la pamilandu.

Kwathu kuno lamulo la 2011 lidakhazikitsa Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osoŵa ndalama pa milandu, imene idayamba ntchito mu 2015 ndipo idalemba maloya pamodzi ndi athandizi. Mu 2021 ofesiyi idapempha kuti lamulo lisinthidwe kuti athandizi ake aziloledwa kuyankhulira anthu m'makhoti aang'ono. Mfundo yake idali yakuti m'makhoti amenewo ozenga milandu ambiri ndi apolisi, amajisitireti ambirinso sadaphunzire uloya wonse, tsono nchifukwa chiyani woimbidwa mlandu yekha ndiye azisoŵa womuyankhulira? Bungwe la maloya, Malawi Law Society, lidatsutsa, poopa kuti mmphaŵi angapatsidwe thandizo losakhwima pa nkhani imene ingamtayitse ufulu wake. Mbali zonse ziŵiri zidali ndi mau olemera, ndipo mkangano wake ngomwe uja wa ku Ontario ndi ku Washington: malire a ntchito akhale pati, ndipo mthandizi akalakwa ayankhe kwa yani?

Omvera, mbiriyi ikutionetsa kuti kulikonse ntchito ndiyo idatsogola, sukulu nkutsatira, chiphaso nkudza pomaliza. Chiphaso chabwino si mpanda wotchingira maloya malonda ao, sichikhalanso nthenga ya pachipewa cha mthandizi. Cholinga chake nkuteteza mai wa kumudzi amene wagulitsa mbuzi yake kuti mwana wake atuluke m'chitokosi. Chikapepuka kwambiri, akathyali amaloŵerera. Chikalemera kwambiri, mudzi umatsala wopanda mthandizi ndi mmodzi yemwe.

Kwa inu anyamata ndi asungwana amene mwamaliza Fomu 4 ndipo mtima uli pa ntchitoyi, dziŵani kuti imafuna Chingerezi chomveka, pakuti malamulo athu adalembedwa m'chiyankhulo chimenecho, komanso lilime lotha kuŵamasulira m'chiyankhulo cha kwanu mopanda kupotoza. Musanalipire fizi, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi boma. Malo a ntchito ali m'maofesi a thandizo la pamilandu, m'mabungwe a ufulu wa anthu, m'makampani a maloya ndi m'makhoti, ndipo ena amene adayamba ngati athandizi adapitiriza sukulu mpaka kukhala maloya. Mthandizi weniweni amadziŵa pamene nzeru zake zalekezera, ndipo akafika pamenepo amatumiza munthu kwa loya mosachita manyazi.

Kwa inu makolo, munthu akabwera nkunena kuti ndi paralegal, mfunseni bungwe limene lamtuma ndi kumene kuli ofesi yake. Akakuuzani kuti mumpatse ndalama zokapereka kupolisi kuti mbale wanu atuluke, kumbukirani kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Safunsa adadya phula.