Chithandizo cha Pantchito kwa Antchito Oyenda pa Njinga

Chithandizo cha pantchito kwa oyenda pa njinga ndi dongosolo limene wolemba ntchito amakonza pofuna kuti wantchito wobwera pa njinga yakapalasa azifika pa nthawi yake, aziyenda motetezeka, ndiponso azipeza njinga yake pomwe anaisiya akaweruka. Dongosololi si la makampani akuluakulu okha. Likukhudzanso mlimi amene ali ndi antchito pamunda, mwini chigayo, ndi wamalonda amene walemba anthu awiri kapena atatu m'golosale.

Kufunika kwake

M'mawa uliwonse antchito ambiri amapalasa njinga kupita ku mafakitale a ku Kanengo mu mzinda wa Lilongwe ndi a ku Makata mu mzinda wa Blantyre, ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, komanso ku minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi Dwangwa. Alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo nawonso amafikira midzi yambiri pa njinga. Mtunda wa makilomita 10 umatenga maola awiri kwa woyenda pansi, pomwe wa pa njinga amautha m'mphindi pafupifupi 45, ndipo ndalama yomwe akanalipira minibasi kapena kabaza imatsala pakhomo. Kupalasa kumalimbitsanso thupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo wopita ku ntchito pa njinga amazikwanitsa m'masiku ochepa chabe.

Kwa wantchito wa malipiro ochepa, njinga ndi chuma chimene amasungira ndalama kwa miyezi ingapo. Ikabedwa kapena kuwonongeka, iye amayamba kuchedwa, kufika atatopa kale, mwinanso kujomba. Zikatero, ntchito ya wolemba ntchitoyo nayonso imaima.

Mitundu ya chithandizo

Choyamba ndi malo oimikapo njinga. Malowa akhale mkati mwa mpanda, pomwe mlonda kapena antchito ena akuona, osati kuseri kwa nyumba. Pakhale chitsulo kapena mtengo wozikika bwino woti njinga izimangiriridwapo ndi tcheni ndi loko, chifukwa njinga yokhomedwa tayala lokha wakuba amangoinyamula. Kadenga ka malata kapena ka udzu kamateteza njinga ku mvula yomwe imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, imene imachititsa dzimbiri tcheni ndi masipoko. Ndi bwinonso kulemba m'kaundula dzina la mwini njinga ndi nambala yodindidwa pa chitsulo cha njingayo, popeza nambalayi imathandiza apolisi njinga ikasowa.

Chachiwiri ndi chithandizo pogula. Wolemba ntchito angathe kugula njinga n'kuipereka kwa wantchito mwa ngongole yodulidwa pang'onopang'ono ku malipiro. Mgwirizano wotere ulembedwe ndipo mbali zonse ziwiri zisainire. Unene mtengo wonse, ndalama yodulidwa pa mwezi, ndi zimene zidzachitike wantchito akasiya ntchito ngongole isanathe. Kumidzi, kumene misewu ndi yafumbi ndipo njinga imanyamulanso katundu, njinga yolimba ndiyo imapulumutsa ndalama. Mwachitsanzo, njinga za Buffalo, zopangidwa ndi bungwe la World Bicycle Relief, zili ndi kaliya yotha kusenza makilogalamu 100.

Chachitatu ndi zipangizo zokonzera. Pampu imodzi, masipanala ochepa, guluu, zigamba zomatira chubu ndi mafuta a tcheni ndi zokwanira kuti tayala likaphwa lisalepheretse munthu kubwerera kwawo. Pamene pali antchito ambiri, wolemba ntchito angagwirizane ndi wokonza njinga wa pafupi kuti azibwera kamodzi pa mwezi kudzaona mabuleki ndi matayala.

Chachinayi ndi chitetezo pamsewu. Antchito a mashifiti, alonda ndi ogulitsa m'misika amayenda kusanache kapena kutada, nthawi imene oyendetsa galimoto amavutika kuona wa pa njinga. Nyali, zonyezimira za kutsogolo ndi kumbuyo, chovala chowala, belu ndi chisoti choteteza mutu ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi chipatala kapena maliro. Pomaliza, madzi ndi kachipinda kosinthiramo zovala zimathandiza wofika ali thukuta kapena matope kuti ayambe ntchito ali waukhondo, makamaka ogwira zakudya.

Zimene maiko ena achita

Ku Britain, lamulo la mu 1999 linayambitsa dongosolo lotchedwa Cycle to Work. Kampani imagula njinga n'kuibwereketsa kwa wantchito, ndipo ndalama yake imadulidwa ku malipiro msonkho usanawerengedwe, motero wantchito amapereka msonkho wochepa. Ku Belgium, kuyambira pa 1 Meyi 2023, antchito a m'makampani omwe si a boma anapatsidwa ufulu wolandira alawansi pa kilomita iliyonse yomwe apalasa popita ndi pochokera ku ntchito, ndipo inayambira pa masenti 27 a ndalama ya euro. Njira zonse ziwirizi zimaona ulendo wa wantchito ngati nkhani yokhudzanso womulemba ntchito.

Udindo wa wantchito

Wopalasa njinga aziyenda kumanzere kwa msewu, azipereka chizindikiro ndi dzanja asanakhote, asanyamule katundu wotchinga msewu, ndipo asapalase ataledzera. Aziona mabuleki asananyamuke ndi kukhoma njinga yake nthawi zonse, ngakhale pali mlonda.

Mu 2018 bungwe la United Nations linakhazikitsa 3 Juni kukhala tsiku lokumbukira njinga padziko lonse. Olemba ntchito angagwiritse ntchito tsikuli kuwerenga antchito awo oyenda pa njinga, kumva zovuta zawo, ndi kuyamba ndi chimene angakwanitse, ngakhale chitakhala pampu ndi malo okhomerapo njinga.