Mbawala: kuzindikira msinkhu wake

Mbawala imapezeka m'malo otetezedwa a Kuti komanso m'nkhalango ya Thuma, m'boma la Salima. Nyanga zimamera pa yamphongo yokha, ndipo sizithothoka chaka ndi chaka monga zimachitira za nyama zina za ku Ulaya. N'chifukwa chake alenje ambiri amayeza msinkhu ndi nyanga, koma muyeso umenewu umanamiza. Nyanga zimakula msanga nyama ikadali yaing'ono, kenako zimachedwa, ndipo pa nkhalamba zimaperepeseka kunsonga mpaka kufupika. Umboni wodalirika uli pathupi: yamphongo yokhwima imakhala ndi khosi lonenepa ndi ubweya woderapo, pamene yaing'ono ndi yaikazi zimakhala zofiirira.

Ena amati m'thengo lowirira, nyama ikangotulukira kamodzi, diso limagwira nyanga zokha. N'zoona, koma kukayikako ndiye chifukwa choisiyira ipite, pakuti wothamangira kuwombera amapha yamphongo yomwe sinaberekeko. Mano, amene amanena zoona kuposa zonse, amaonedwa nyama itafa kale. Mlenje akumbukirenso kuti kusaka mbawala popanda chiphaso ndi mlandu pansi pa lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017.