Livia wa ku Roma ndi Nyangu wa ku Mankhamba

Nkhani yathu lero iyambira kutali, ku Roma, koma ikathera kwathu konkuno, m'chigwa cha Mua ndi Mtakataka.

M'chaka cha 1976 wailesi ya kanema ya BBC idaonetsa seŵero lotchedwa I, Claudius, lochokera m'mabuku a Robert Graves. Seŵeroli limasimba za banja la Augustus, Kaisara uja timamumva mu Uthenga wa Luka kuti adalamula kalembera. M'menemo mkazi wake, Livia, adamuonetsa ngati mfiti yotheratu. Akupha mmodzimmodzi onse oyenera kuloŵa ufumu, ndipo potsiriza akupaka chiphe pa nkhuyu za mwamuna wake, kuti mwana wake Tiberius akhale pampando.

Kodi zidaterodi? Augustus adamwalira m'chaka cha 14 Ambuye atabadwa, ali nkhalamba ya zaka 75. Tacitus, amene adalemba patapita zaka pafupifupi 100, adangoti ena ankamukayikira Livia. Za nkhuyuzo adalemba ndi Cassius Dio patapita zaka pafupifupi 200, nayenso monga mphekesera. Koma m'seŵero muja Livia amaulula milanduyo ndi pakamwa pake, ndipo woonera amakagona atakhulupirira. Mphekesera ikavala nkhope ndi kuyamba kuyankhula, imasanduka umboni.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Amene mudafikako ku Mua mudaona mbiri ya dziko lino itajambulidwa pa makoma a nyumba ya Chamare ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher adayambitsa m'chaka chomwecho cha 1976. Kuchokera pamenepo si patali kufika ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kudali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Nafenso tsono tili nalo banja lachifumu loyenera seŵero.

Taonani m'mene lidaliri. Ufumu unkatsata kuchikazi. Woloŵa Ukalonga ankabadwa mwa Nyangu, mayi kapena mlongo wake wa mfumu, wa mfunda wa Phiri, pamene mkazi wamkulu, Mwali, ankachokera kwa a Banda. Mbiri yapakamwa imati Undi, mbale wake wa Kalonga, adachoka atasemphana pa za ufumu, natenga Nyangu, nakakhazikika ku Mano, m'dera la Tete. Mlembi wa seŵero akamva zimenezi mtima umamudumpha. Afuna chifukwa, afuna woipa, ndipo Nyangu ali pafupi. N'chapafupi kumpatsa nsupa ya mankhwala ndi kumsandutsa Livia wachiŵiri.

Koma mboni zathu zimanena zochepa. Dr Yusuf Juwayeyi adakumba pa Mankhamba, ndipo m'buku lake la 2020 adafotokoza za mikanda yagalasi, mapale a mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Izi zikutiuza kuti mudziwo unkachita malonda ofika kunyanja yamchere, koma mkanda sunena amene adada mnzake. Mpwitikizi Gaspar Bocarro, pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa m'chaka cha 1616, adalandiridwa ndi mfumu Muzura, koma akatswiri a mbiri amatsutsana ngati Muzurayo adali Kalonga wa ku Mankhamba kapena mfumu ina.

Nanga ife okonza maseŵero titani? Kupeka sikuletsedwa. Palibe adasunga mawu amene Undi adatsazika nawo, choncho mlembi ayenera kumuikira mawu m'kamwa. Angapeke wantchito, mlonda wa pachipata, ngakhale mvula ya tsikulo. Chimene sayenera kupeka ndi mlandu wa munthu amene adakhalakodi. Ndipo pamene mbiri yagaŵikana, seŵero linene poyera, poyamba kapena potsiriza, kuti apa tasankha njira imodzi mwa ziŵiri.

Livia alibe mbumba yomudandaulira lero. Nyangu ali nayo. Mwezi wa Ogasiti uliwonse Acheŵa a ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwana wa sukulu ku Golomoti akamva pa wailesi kuti gogo wa mtundu wake adali wakupha, adzakula nazo, ndipo mphunzitsi adzavutika kuzizula.

Tsono mukamamvera seŵero la mbiri yakale, sangalalani nalo, koma likatha funsani kuti: adanena ndani, ndipo adanena liti?