Mmene Amkhalapakati a Mankhwala Anakulira ku America

M'zaka za m'ma 1960, m'nyumba zambiri ku America munkapezeka katoni ya nsapato yodzaza malisiti a mankhwala. Munthu akapita ku famase ankalipira yekha ndalama zonse, n'kusunga kalisitiko kuti tsiku lina adzatumize ku kampani ya inshuwalansi imubwezere. Ena ankaiwala, ena ankagwa ulesi. Nawonso a inshuwalansi timapepalati tinkawatopetsa, chifukwa kalaliki ankatha nthawi yaitali akuwerengetsa lisiti la madola ochepa chabe. Ntchito yotopetsayi ndiyo inabala bizinesi yomwe lero imagamula mankhwala amene munthu wa pantchito amwe komanso mtengo wake.

Koma zinatheka bwanji kuti bwana wa pantchito azilipirira wantchito wake chipatala? Mbewu yake inafesedwa mu 1929 ku Dallas, pamene Justin Ford Kimball wa chipatala cha Baylor anakonza zoti aphunzitsi azisonkha masenti 50 pamwezi, ndipo akadwala azigonekedwa mpaka masiku 21 pachaka osalipiranso kanthu. Dongosololi ndilo linadzakhala inshuwalansi ya Blue Cross. Chomwe chinakuza mwambowu ndi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mu 1942 boma linaletsa makampani kukweza malipiro mwachisawawa, pamene mafakitale ankasowa anthu chifukwa anyamata anali kunkhondo. Poti inshuwalansi ya zaumoyo sinkawerengedwa ngati malipiro, mabwana anayamba kukopa nayo antchito. Mu 1954 lamulo la misonkho linatsimikiza kuti ndalama imeneyi isamadulidwe msonkho. Mpaka lero anthu oposa 150 miliyoni m'dzikomo amadalira inshuwalansi ya kuntchito.

Mankhwala ogula ku famase anachedwa kulowamo. Lamulo la mu 1951 ndilo linasiyanitsa mankhwala ongogula ndi amene amafuna chikalata cha dokotala. Mu 1967 bungwe la ogwira ntchito m'mafakitale a magalimoto la UAW, motsogozedwa ndi Walter Reuther, linanyanyala ntchito ku Ford, ndipo zina mwa zomwe linapata ndi zoti kampani izilipirira antchito mankhwala. Malisiti anachuluka ngati mchenga.

Apa m'pamene kampani ya ku Arizona yotchedwa PCS inatulukira ndi khadi la pulasitiki, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Wantchito ankangoonetsa khadilo ku famase, n'kupereka kandalama kochepa, ndipo zotsalazo famase inkakatenga ku PCS. Nayo PCS inkalandira kangachepe pa lisiti lililonse. Panalibe chobisika: inali ntchito ya ukalaliki basi. Makampani a mtunduwu, amkhalapakati a mankhwala, ndiwo anadzatchedwa PBM.

Zinthu zinayamba kusintha m'zaka makumi awiri zotsatira. Lamulo la ERISA la mu 1974 linathandiza kuti makampani akuluakulu azilipira okha zachipatala za antchito awo kuchokera m'thumba mwawo, koma nkhani za mitengo ya mankhwala sankazidziwa, choncho anazisiya m'manja mwa ma PBM. Medco, yomwe Martin Wygod anaiyambitsa mu 1983, inayamba kutumizira odwala mankhwala a miyezi itatu papositi. Express Scripts inabadwa ku St. Louis mu 1986. Makompyuta atafika m'mafamase, lisiti lomwe kale linkatenga masabata linayamba kuvomerezedwa wodwala ali chiimire pakauntala. Ndipo lamulo la Hatch-Waxman la mu 1984 litatsegula njira ya mankhwala otchipa opangidwa ndi makampani ena pamene umwini wa kampani yoyamba watha, ma PBM anakankhira odwala ku mankhwala amenewa. Pamenepa anagwiradi ntchito yotamandika: lero pa mankhwala 10 alionse olembedwa ndi dokotala ku America, pafupifupi 9 ndi a mtundu wotchipawu.

Mphamvu zenizeni zinadza ndi mndandanda. PBM imalemba mndandanda wa mankhwala omwe inshuwalansi ilipire. Ngati pali mitundu itatu ya mankhwala ochiza matenda amodzi, PBM imauza opanga onse atatu kuti amene abweze ndalama zambiri pa botolo lililonse logulidwa ndiye aikidwe pamwamba. Wosalidwa pamndandanda amataya makasitomala mamiliyoni. Mbali ya ndalama yobwezedwayo imapita kwa bwana wa kampani, ina imatsala kwa PBM, ndipo kuchuluka kwake kumalembedwa m'mapangano achinsinsi. Zili ngati mwana wotumidwa kumsika amene amalandira banyira molingana ndi kukwera kwa mtengo: sangathamangire pa benchi yotchipa.

Opanga mankhwala anazindikira msanga komwe mphamvu zagona. Mu 1993 Merck inagula Medco pa madola pafupifupi 6 biliyoni. Chaka chotsatira Eli Lilly inagula PCS pa madola 4 biliyoni, ndipo SmithKline Beecham inagula Diversified Pharmaceutical Services pa madola 2.3 biliyoni. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, FTC, linalowererapo poopa kuti wolemba mndandanda azikondera mankhwala a mbuye wake. Maukwatiwa sanalimbe. Lilly inagulitsa PCS kwa kampani ya mafamase ya Rite Aid pa madola 1.5 biliyoni okha, ndipo Medco inapatukana ndi Merck mu 2003.

Kenako kunabwera kumezana. CVS, mwini wa mafamase zikwizikwi, inaphatikizana ndi PBM ya Caremark mu 2007. Express Scripts inameza Medco mu 2012 pa madola 29 biliyoni, koma nayo inamezedwa ndi kampani ya inshuwalansi ya Cigna mu 2018, chaka chomwe CVS inagula kampani ya inshuwalansi ya Aetna. Lipoti la FTC la mu 2024 linapeza kuti makampani atatu okha, CVS Caremark, Express Scripts ndi Optum Rx, ndiwo amayendetsa pafupifupi 80 pa 100 ya mankhwala onse olembedwa ndi madokotala m'dzikomo. Atatu onsewa ali m'banja limodzi ndi kampani ya inshuwalansi komanso mafamase awoawo.

Amene anamva kuwawa kwenikweni ndi odwala matenda a shuga. Kabotolo ka insulin ya Humalog kanali pa madola 21 mu 1996, koma pofika 2019 kanali pa madola pafupifupi 275. Opanga ankati ndalama zambiri zimabwerera kwa amkhalapakati, ndipo amkhalapakati ankati mtengo amaika ndi opanga. Polozana chala chonchi, wantchito amene inshuwalansi yake imafuna kuti ayambe walipira yekha madola ochuluka kumayambiriro kwa chaka ankaima pakauntala n'kulipira mtengo wapamwambawo wonse, osalawako ndalama yobwezedwa ija. Ena anayamba kudzibaya mankhwala operewera kuti kabotolo kakhalitse, ndipo alipo amene anafa. Mu 2023 Lilly inatsitsa mtengo wa Humalog ndi 70 pa 100, ndipo mu Seputembala 2024 FTC inatsegulira mlandu ma PBM atatu aja pa nkhani ya insulin.

Panalinso njira ina yodyera. PBM inkalipiritsa mwini ndalama mtengo wina, n'kupatsa famase mtengo wotsikirapo, yapakatiyo n'kuika m'thumba. Mu 2018 wofufuza za chuma wa boma la Ohio, Dave Yost, anapeza kuti m'chaka chimodzi chokha ndalama yapakatiyi inakwana madola pafupifupi 225 miliyoni pa thandizo la Medicaid la anthu osauka. Mapangano ena ankamanganso pakamwa wogulitsa mankhwala kuti asauze wodwala kuti kugula ndi kashi kungamutchipire kuposa kugwiritsa ntchito khadi. Mchitidwe umenewu unaletsedwa ndi lamulo chaka chomwecho, ndipo mu 2020 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wochokera ku Arkansas, linagamula kuti maboma a zigawo ali ndi ufulu woika malamulo pa mitengo imene ma PBM amapatsa mafamase.

Mabwana ena anadzuka kale. Caterpillar, kampani yopanga mathirakitala ndi makina okumbira, inakambirana mitengo mwachindunji ndi Walmart mu 2008. Mu 2022 wamalonda Mark Cuban anatsegula Cost Plus Drugs, yomwe imaonetsa poyera mtengo woodera, n'kuwonjezerapo 15 pa 100 ndi kandalama ka ntchito ndi katumizidwe. Chaka chotsatira kampani ya inshuwalansi ya Blue Shield of California inalengeza kuti ikuchotsa mbali yaikulu ya ntchito yake ya mankhwala ku CVS Caremark n'kuigawa kwa makampani angapo.

Antchito nawo ayamba kufunsa. Mu 2024 wantchito wina anasumira Johnson & Johnson, ponena kuti thumba la zaumoyo la kampaniyo linkalipira madola oposa 10,000 pa mapiritsi 90 omwe kwina ankagulidwa pamtengo wosafika madola 100. Madandaulo ofanana nawo anafikanso ku mabanki a Wells Fargo ndi JPMorgan Chase. Lamulo la ERISA limati woyang'anira thumba la antchito aligwire mosamala ndi mokomera eni ake, ndipo pa mfundo imeneyi m'pamene maloya a antchitowa akhala akufunira kuti mabwana afotokoze m'khoti ngati anawerengadi mapangano omwe anasainira ndi ma PBM.