Ana a Mayi wa m'Komboni: Makaladi a m'Mapulazi a Mashonaland

Mbiri ya Sinodi ya Harare inayamba ndi anthu apaulendo. Amuna a ku Nyasaland amene ankatsika ndi njira ya ku Tete, naoloka Zambezi kukafuna ntchito m'migodi ndi m'mapulazi a Southern Rhodesia, ndiwo anapempha mbusa wowalalikira m'chinenero chawo. Ndipo m'chaka cha 1912 Mbusa T.C.B. Vlok wa Mishoni ya Dutch Reformed anadzakhala ku Salisbury kuti awete nkhosa zobalalikazo. Mu 1965 mipingo imene inabadwa mwa ntchito imeneyi inakhala Sinodi yachinayi ya CCAP. Zimenezi nzodziwika, ndipo zimanenedwa pa chikondwerero chilichonse. Koma m'tinyumba topemphereramo ta maudzu ta ku Mazowe, Bindura, Banket ndi Mvurwi, pakati pa ana okhala pamphasa, pankapezeka mwana mmodzi kapena awiri a khungu loyererako ndi tsitsi lofewa. Akulu onse ankamdziwa bambo wake wa mwanayo, koma panalibe womtchula dzina. Ana amenewa mbiri yolembedwa yakhala ikuwalambalala.

Pulazi la m'masiku amenewo linali ngati dziko palokha. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatsa Azungu pafupifupi theka la nthaka yonse, ndipo dera la nthaka yabwino ndi mvula yokwanira la Mashonaland linagwera m'gawo lawo. Ashona ambiri sankafuna kulembedwa ntchito pa nthaka imene analandidwa, choncho alimi a fodya ndi chimanga anadalira alendo: Achewa, Ayao, Atonga, Angoni, Asena ndi Achikunda. Ena anadza okha pansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Munthu ankagwira ntchito ya tikiti, nalandira phoso la ufa, nyemba ndi mchere. Ndipo mwa lamulo la Masters and Servants, kuchoka pantchito nthawi isanakwane unali mlandu womangidwa nawo. Nyumba ya m'komboni inali ya bwana, madzi a bwana, njira yotulukira nayonso ya bwana. Mtsikana wotumidwa kukasesa kunyumba yaikulu, kapena kukasankha fodya kuchigafa, analibe kothawira ngati mwini pulazi, mwana wake, kapena manijala wamuyang'ana ndi diso loipa. Kukana kunali kuchotsetsa ntchito atate ake ndi kugonetsa panja banja lonse.

Sikuti zonse zinali zokakamiza. Analipo Azungu ena, makamaka m'zaka zoyamba pamene akazi achizungu anali owerengeka, amene anakhala ndi mkazi wachikuda zaka zambiri, ena mpaka kupereka malowolo kwa makolo. Analiponso ana a eni masitolo, Agiriki ndi Amwenye. Koma lamulo linaonetsa poyera mbali imene linaima. Lamulo la 1903 loletsa zadama linaika chilango cha ndende pa mwamuna wachikuda wopezeka ndi mkazi wachizungu, pamene mwamuna wachizungu wopezeka ndi mkazi wachikuda silinamkhudze konse. Mabungwe a akazi achizungu anadandaula kangapo kuti lamulo limange mbali zonse ziwiri. Aphungu, amene anali amuna achizungu, sanalole. Motero mwana ankabadwa wopanda womvomereza, ndipo katundu yense ankatsala pamutu pa mayi.

Tsono boma linadzipezera vuto lodzipangira lokha. Dziko lonse linagawidwa pakati pa Mzungu ndi mbadwa: malo okhala, sukulu, chipatala, malipiro, ngakhale manda. Nanga mwana uyu ndi wa mbali iti? Ku Nyasaland funsoli linafika kukhoti mu 1929, pamene woweruza Haythorne Reed anagamula pa mlandu wa mwana wa Mmwenye ndi mayi wachikuda kuti munthu wotere sali mbadwa pamaso pa lamulo; chigamulocho chinavutitsa maboma a maiko onse oyandikana. Ku Southern Rhodesia malamulo anatsata njira ina. Munthu wa magazi osakanizika ankawerengedwa mbadwa ngati akukhala pakati pa mbadwa ndi kutsata makhalidwe awo. Akakhala monga akhalira Azungu, ankawerengedwa Mkaladi.

Mawu amenewa akuoneka ofatsa papepala, koma ndiwo anali mpeni. Tanthauzo lake linali lakuti mwana sangakwere popanda kusiya amake. Chilankhulo chimene anayamwira, nsima yodyera pamodzi m'mbale imodzi, mphasa imene ankagonapo ndi abale ake, zonsezi zinasanduka umboni womtsutsa. Komiti imene inatsogozedwa ndi L.M. Foggin, mkulu wa zamaphunziro, inafufuza za maphunziro a ana otere nipereka lipoti lake mu 1934. Ndipo mu 1946 bungwe lotsogozedwa ndi Hugh Beadle linafufuzanso za umoyo wa Makaladi. Ambiri mwa Azungu ochitira umboni sanavutike kwenikweni ndi umphawi wa anawo, pakuti ana achikuda osauka anali ponseponse. Chinkawachititsa manyazi chinali kuona magazi a Mzungu akuyenda opanda nsapato m'komboni. Ena ankafuna anawo achotsedwe kwa amayi awo. Ena ankati asiyidwe komweko kuti asowere pakati pa anthu akuda, nkhaniyo iiwalike. Funso lakuti atate akakamizidwe kulera ana awo silinapite patali.

Amene anachitapo kanthu ndi a Katolika. Iwo anatsegula sukulu zogonera komweko za ana a Makaladi: St John's ku Salisbury, Martindale kufupi ndi Selous, ndi Embakwe kufupi ndi Plumtree. Nkosayenera kupeputsa ntchito ya masisitere amenewa. Ana ambiri amene akadafera m'zigafa anaphunzira kuwerenga, ukalipentala, kusoka ndi unamwino. Koma mtengo wake unali waukulu. Mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ankakwezedwa galimoto kapena sitima, nthawi zina atate ake atalipira mwachinsinsi, nthawi zina mwa dongosolo la bwanankubwa wa boma la m'deralo. Kumeneko moyo wonse unali wa m'Chingerezi. Pobwera patchuthi, ngati wabwera nkomwe, ankapeza kuti lilime lamuuma. Amake akumlankhula m'Chinyanja, iye nkumayankha ndi mutu. Kuchokera ku Mvurwi kufika ku Plumtree ndi ulendo wodutsa dziko lonse, ndipo mayi wolandira ndalama za tikiti sakadaukwanitsa. Amayi ena anabisa ana awo, kuwameta mpala ndi kuwatumiza kwa achibale ku pulazi lina, poopa kulandidwa. Ena anawapereka okha ndi misozi, podziwa kuti sukulu ya papulazi, pamene inalipo, inkathera m'makalasi oyambirira. Sipangakhale munthu woweruza amayi amenewa, kaya obisa kaya opereka.

Mwana wotsiriza sukulu zotere sankabwereranso kukomboni. Malo ake anali Arcadia kapena Braeside mu Salisbury, Barham Green ku Bulawayo, Florida ku Umtali. Ana ake ankapita ku Moffat ndi ku Morgan High School. Malipiro ake ankaposa a munthu wakuda, osafika a Mzungu. Sankaloledwa kukhala ndi munda m'malo a mbadwa, ndipo m'madera ambiri a Azungu zikalata za nyumba zinkamletsa kugula. Ndiponso ku Arcadia komweko sanalandiridwe ndi manja awiri nthawi zonse, pakuti mabanja ena ochokera ku Cape, amene makolo awo anadza ndi ngolo za atsamunda oyamba, ankayang'ana pansi munthu amene amake ndi wakuda. Panali anthu amene mayi wawo akadza kudzawaona ankamlowetsa pakhomo lakuseri, nauza anansi kuti ndi wantchito. Kalembera wa 1969 anapeza Makaladi pafupifupi 15,000 m'dziko lonse. Otsala m'makomboni ndi m'midzi, amene anawerengedwa pamodzi ndi anthu akuda, sali m'chiwerengero chimenechi.

Otsalawo ndiwo amene mpingo uno unawadziwa. Pano mwambo wa makolo unali ndi mbali yake. Kwa Ashona mwana amatenga mutupo wa atate ake, ndipo wopanda mutupo amavutika pa ukwati, pa maliro ndi pa zonse za mizimu ya banja. Kwa Achewa mwana ndi wa kwa amake. Ali ndi malo m'mbumba, ndipo womuyang'anira ndi malume ake, kaya bambo alipo kaya palibe. Kukadakhala ku Dowa kapena ku Dedza, mwana wotere akadapeza munda ndi dzina. Koma mbumba inali kutali, kuseri kwa mitsinje, ndipo amayi ambiri a m'mapulazi anali ana a machona, osadziwa ngakhale njira ya kumudzi. Kawirikawiri amene analera mwanayo anali mwamuna wodzakwatira amake pambuyo pake, mlendo mnzake wa tikiti, amene anampatsa dzina lake la Phiri kapena Banda namdyetsa pa phoso lake. Amuna amenewa sanalembedwe m'buku lililonse, koma anachita chimene mwini magazi anakana.

Mwanayo ankakula akunyozedwa ndi anzake pamasewera chifukwa cha khungu, ndi kukayikiridwa ndi akulu kuti ndi khutu la bwana. Atasinkhuka, kawirikawiri ankapatsidwa thirakitala, ntchito ya umakaniko, ya m'sitolo kapena ukapitao. Kumeneku kunali kukwezedwa ndithu, komanso kunali kumuika pakati pa moto uwiri: kulamula abale ake a mimba imodzi m'dzina la munthu amene sanamutchepo mwana wake. Ankaima pakhonde la nyumba yaikulu chipewa chili m'manja, pamene ana ena a bambo yemweyo akudya m'kati.

Za mpingo nkofunika kunena zoona zonse ziwiri. Eklesia amene anatuma amishoni ku Mvera, ku Nkhoma ndi ku Salisbury anali atalola kale tsankho m'nyumba ya Mulungu. Sinodi ya ku Cape ya 1857 inavomereza kuti, chifukwa cha kufooka kwa ena, Akhristu osakhala Azungu azisonkhana paokha. Ndipo mu 1881 unakhazikitsidwa mpingo wapadera wa Makaladi. M'mapulazi a Mashonaland, bwana wa Chibunu ndi wantchito wake ankatha kukhala a chiphunzitso chimodzi cha Reformed, koma osakumana pa gome la Mgonero. Komabe mipingo ya alendo ochokera ku Nyasaland inalibe benchi la Makaladi. Mwana woyererayo ankalowa m'kalasi limodzi ndi anzake, kuloweza Katekisma yemweyo, ndi kubatizidwa ndi madzi omwewo. M'dziko limene ngakhale manda anagawidwa, ichi sichinali chaching'ono, angakhale kuti chinachitika mopanda msonkhano wochipangana.

Choonadi chachiwiri ncholemera. Mwambo wa mpingo umafuna kuti Mkhristu wobala mwana kunja kwa ukwati aonekere pamaso pa akulu. Mayi ankaonekera, naikidwa pachilango cha lamulo lachisanu ndi chiwiri. Bambo sakadaitanidwa: sanali wa mpingo umenewo, ndipo nyumba yopemphereramo inaima pa nthaka yake, mwa chilolezo chake. Mkulu wa mpingo wofunsa mafunso anali wantchito wa munthu yemweyo, ndipo mlaliki ankalowa papulazi pokhapokha mwini atalola. Chotero chilango chinagwera wofooka yekha. Akulu amenewo sanali anthu ouma mtima. Anali amantha, ndipo mantha awo anali ndi chifukwa. Koma kulanga mtsikana popanda kufunsa ngati anali ndi mphamvu yokana kunali kusakaniza tchimo ndi tsoka. Nkhani ya Hagara ndi Ismayeli inali m'Buku Lopatulika limene ankawerenga Sabata lililonse. Ndipo nkoyenera kukumbukira kuti mawu omveka otsutsa tsankho m'banja la mipingo ya Reformed anadzachokera ku mpingo wa Makaladi uja wa 1881, umene unalandira Chivomerezo cha Belhar mu 1986.

Nkhondo ya ufulu inang'amba chilondacho. Boma la Ian Smith linkalemba anyamata a Makaladi ndi Amwenye usilikali mokakamiza monga Azungu, koma pa malipiro ochepa, ndipo ambiri anaikidwa kulondera misewu, milatho ndi midzi ya mpanda ya kumpoto chakum'mawa. Mnyamata woleredwa ku Embakwe ankatha kuima ndi mfuti pachipata chimene abale a amake ankasechedwapo. Ena anasankha mbali ya omenyera ufulu, monga Joseph Culverwell, amene pambuyo pa 1980 anakhala wachiwiri kwa nduna ya zamaphunziro. Ngakhale zinali choncho, pangano la ku Lancaster House linasiya Makaladi pa kaundula wa mavoti wa Azungu, mpaka mipando 20 yapaderayo inathetsedwa mu 1987. Pa zitupa za dziko latsopano, pamene ena ankalembedwa nambala ya boma la kwawo, Makaladi, Azungu ndi Amwenye ankalembedwa 00.

Otsala m'makomboni anagawana tsoka ndi amayi awo kufikira kumapeto. Pamene mapulazi analandidwa kuyambira m'chaka cha 2000, eni ake ambiri anapita ku tauni kapena kunja kwa dziko, ndipo antchito anabalalika. Mwana wosavomerezedwa analibe cholowa kwa atate, analibenso mfumu yomlembera munda. Lamulo la unzika la 2001 linafuna kuti aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo mwa dongosolo m'miyezi isanu ndi umodzi; ambiri a m'mapulazi sanamve, ena analibe ngakhale chikalata cha kubadwa, ndipo anawerengedwa alendo m'dziko lobadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa munthu wobadwira mu Zimbabwe amene kholo lake limodzi linali nzika ya dziko la SADC. Okalamba amene anapita ku maofesi a kaundula pambuyo pake anafunsidwa dzina la amayi awo, ndi mudzi wa ku Malawi kapena ku Mozambique kumene makolo a mayiyo anachokera.