Mtondo, mtsuko ndi moto

Kale m'midzi yathu ya ku Angónia, ku Macanga ndi m'mbali mwa nyanja ya Niassa munalibe cigayo, mjigo kapena magetsi. Banja lililonse linkadalira zinthu zitatu: mtondo, mtsuko ndi moto. Ife amene tinakula masiku amenewo timawakumbuka ndi cimwemwe. Koma tiyeni tiwakumbuke bwino, zokoma ndi zowawa zomwe.

Tiyambe ndi mtondo. Makolo athu akale ankalima mapira ndi mawere, ndipo ankapera pa mphero. Cimanga kwao ndi ku America. Cinafika mu Africa pa zombo pambuyo pa caka ca 1500, ndipo pang'onopang'ono cinalanda malo a mapira m'minda yathu. Cimanga ncolimba. Kuti cisanduke ufa pankapita masiku angapo. Poyamba amayi ankakonola, kenaka ankapeta ndi licero kucotsa gaga. Mphale ankaiviika m'madzi masiku awiri kapena atatu. Ikafewa ankaitsuka, kuitibula, kusefa ndi kuyanika ufa pa mphasa. Ife ana tinkakhala pambali ndi kamtengo, kuingitsa nkhuku ndi mbuzi.

Mkazi sankasinja yekha. Tambala akalira, minsi inkamveka mudzi wonse. Akazi awiri kapena atatu ankazungulira mtondo umodzi, uyu akakweza munsi uyo akutsitsa. Lero asinja ca uyu, mawa ca mnzake. Posinja ankayimba. Mkazi amene anali ndi dandaulo pa mwamuna wake kapena apongozi ake ankaliika m'nyimbo, ndipo mudzi wonse unkamva. Wolakwayo ankacita manyazi. Pamtondo panali ngati bwalo la akazi.

Caciwiri ndi mtsuko. Akazi odziwa kuumba ankakumba dongo kudambo, kuumba mitsuko, nkhali ndi miphika, ndi kuziocha pa moto wa makungwa. Madzi a mumtsuko ankazizira ngakhale m'mwezi wotentha wa Okutobala. Koma madziwo sankabwera okha. Atsikana ankalawirira kucitsime kapena kumtsinje, nkhata pamutu. M'cilimwe zitsime zikaphwa, ankafukula mcenga wa mumtsinje ndi kudikira kuti madzi atuluke. Madzi ena ankatipatsa likodzo ndi matenda otsegula m'mimba. Ana ambiri anatisiya cifukwa ca madzi amenewa.

Cacitatu ndi moto. Pakati pa nyumba panali mafuwa atatu. Macesi anali osowa, conco citsa cacikulu cinkasunga moto usiku wonse. Moto ukazima, mwana ankatumidwa ndi phale kukapala moto kwa anansi. Popala moto ankaperekanso moni, ndipo pobwera ankanena amene wadzuka bwino ndi amene wadwala. Usiku tinkawunikira ndi muuni wa udzu kapena nsatsi zotungidwa pa kamtengo. Pambuyo pake kunabwera koloboyi, ndipo palafini wake tinkagula kukantina. Tikadya nsima, agogo ankayamba nthano, ife nkumavomera. Nthano zinali zokoma, koma utsi unkawawa m'maso ndi kutsokomoletsa amayi athu.

Nchito zimenezi zinalemera koposa m'nthawi ya atsamunda. Kuyambira caka ca 1938 mpaka 1961, boma la Apwitikizi linkakakamiza alimi a m'madera ambiri kulima thonje. Amuna ena ankagwidwa kupita kucibalo. Ena ankathawira ku Rhodesia ndi ku Joni kukafuna ndalama za msonkho. Mkazi ankatsala yekha ndi khasu, mtondo, mtsuko ndi mwana kumbuyo. Mtsikana akangokula pang'ono ankalandira kamunsi kake. Nthawi ya sukulu analibe.

M'caka ca 1969 anayamba kumanga damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi, m'cigawo ca Tete, ndipo anatseka madzi mu 1974. Magetsi ambiri a damulo ankayenda pa mawaya mtunda wa makilomita 1,400 kupita ku South Africa. Midzi yathu inatsala ndi koloboyi. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, koma posakhalitsa kunabuka nkhondo. Misewu inatsekeka, zigayo zambiri zinaima, ndipo anthu ambirimbiri anathawira ku Malawi. Otsala anabwerera ku mtondo ndi ku phale lopalira moto. Nzeru za agogo ndizo zinawasunga. Mtendere utabwera pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kwao, ndipo zigayo ndi mijigo zinayamba kuculuka. Lero nyumba zambiri zili ndi nyale za dzuwa ndi mafoni, ngakhale kuti midzi ina ikudikirabe magetsi.

Cigayo cimagaya thumba lonse m'kanthawi kocepa. Nsima ya mgaiwa, dzina lake lomwe likunena, inadza ndi cigayo. Nthawi imene mtsikana ankataya pamtondo tsopano ali nayo m'kalasi. Palibe mayi amene angafune kuti mwana wake abwerere ku matuza a munsi. Cimene timacilakalaka si kulemera kwa nchito ayi. Timalakalaka kuti panalibe wosinja yekha, ndipo nyumba imene sinafuke utsi m'mawa inkadziwika msanga.

Mtondo ukadalipo pakhomo, tikusinjiramo nsinjiro ndi masamba a cinangwa. Koma wopala moto anasowa. Tsono amene moto wake wazima, nkhalamba, wamasiye kapena wodwala, tiyenera kupita tokha kukamuona.

Mafunso

1. Chulani nchito zonse zimene zinkacitika kuti cimanga cisanduke ufa.
2. Kodi cigayo kapena mjigo woyamba unafika liti m'mudzi mwanu? Funsani akuluakulu.
3. Kodi masiku ano timadziwa bwanji kuti mnansi wathu wadwala?